Chilimwe cha Kaodzera

Fungo la makungwa owiritsa limandibwezera ku Mnkhanya, chilimwe chimene atate anadwala kaodzera. Matendawa anawatenga kutchire komwe ankalambula misewu ya magalimoto a alendo, kumene kashembe amaluma ngakhale pamwamba pa malaya. Poyamba tinkati ndi malungo. Kenako anayamba kugona masana, nthawi zina chakudya chili m'kamwa. Amayi ankawiritsa makungwa a mvunguti n'kumawamwetsa ndi supuni. Madzi ofiirirawo ankatsikira m'ndevu, ntchentche n'kumaunjikana pomwepo.

Mwezi womwewo kunabwera mayi wina wa ku Lusaka, wofufuza za mankhwala. Ankayenda khomo ndi khomo kufunsa mitengo imene anthu amachizira matenda. Ankasenda makungwa, kukumba mizu, n'kumaziyanika pa masaka kuseri kwa galimoto yawo. Atafika kwathu anagwada pambali pa mphasa, n'kukhudza khosi la atate pamene panatupa.

"Amayi, bambowa apite kuchipatala lero lomwe," anatero. "Sitikudziwa ngati makungwawa amapha kachilombo ka kaodzera. N'zimene ndikufufuza."

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinangogwira mawu omalizawo. Pamene anthu ankakweza atate m'galimoto ya mayiwo, ndinawakoka chitenje.

"Mudzabwera nawo liti mankhwalawo?"

Anandiyang'ana. "Sindikudziwa, mwana wanga."

Kuchipatala, cha ku Jumbe, anati kachilombo kanali katalowa kale mu ubongo. Amayi anatsala komweko, ine n'kumagona kwa azakhali. Masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa tsanya wopanda masamba m'mbali mwa msewu, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, fumbi likundilowa m'mano. Galimoto iliyonse ikatulukira ndinkaimirira, poganiza kuti mayi aja abwera ndi botolo. Galimoto imene inaima inali yobweretsa maliro. Tinawaika atate chizimalupsa chisanagwe, dothi lili gwa moti makasu ankangodumpha.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti mayi aja anatenga mizu yathu n'kutiiwala. Pano ndakula, ndadziwa kuti mankhwala amachedwa kupezeka kuposa mmene munthu amachedwera kufa, ndiponso kuti masaka ambiri otere satulutsa kanthu. Mayi aja ankavutikira anthu amene anali asanalumidwe. Atate anali atalumidwa kale.