Nsapato za ku Ntcheu

Dzulo ndili pa College Park, kuno kutsidya kwa nyanja kumene ndinakulira, kandege kanadutsa m'mwamba kakulira ngati chigayo, ine n'kuyamba kuseka ndekha m'galimoto.

Ndili mwana, atate analowa kalabu ya ndege imene anaiyambitsa anthu ogwira ntchito pafakitale ina. Kalabuyo inali ndi kandege kamodzi kakale ka mipando inayi, konunkha mafuta, ndipo Loweruka mamembala ankasinthana kukatsuka ndi kukaulutsa.

Ine kutchalitchi ndinalengeza kuti atate ali ndi ndege. Tsono kwa ife Amalawi okhala kunja kuno, wokwera ndege ndiye kuti akupita kumudzi, ndipo sapita chimanjamanja. Loweruka lotsatira mayi Nabanda, nesi mnzawo wa amayi, anatulukira pabwalo la ndege ndi chikwama cha nsapato.

"Bambo a Chisomo, mungokatula pa Ntcheu. Mchemwali wanga akadikira pamsewu."

Atate anayang'ana kandegeko, kenako anandiyang'ana ine Chisomoyo. Ndinadziwa kuti lero khutu langa liona zakuda.

"Mayi, kameneka kakangofika pafupi pompa pa Upper Marlboro kamayamba kutsokomola," anatero atate.

Komabe sanawabweze. Anawakweza ndi chikwama chawo chomwe, n'kuzungulira nawo mumlengalenga kanthawi. Mayi Nabanda anatsika akuimba nyimbo yamapemphero, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Nsapatozo zinadzapita ndi munthu wina pa Khirisimasi. Koma ku Ntcheu mpaka lero amati zinakwera ndege ya atate anga, ndipo ndikaganiza bwino, palibe amene ananama.