Pulojekita ya Bizwick ndi Nsanda ya Apongozi

Bizwick ndinamuphunzitsa sitandade 5. Masamu ankamuvuta, koma pakakhala mabenchi oti anyamulidwe ankayamba ndi iye kudzuka. Sukulu anailekeza ali fomu 2, n'kupita ku Likhubula kukayamba ntchito yonyamula katundu wa alendo okwera phiri. Anakwatira Anesi, wotchola tiyi, ndipo anakamanga kuchikamwini, kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, a Rosie. Mwana wawo woyamba anamutcha Kondi. Mawondo atayamba kumuwawa pazitunda, anaganiza zosiya phiri kuti aziwonetsa kanema.

Anesi ankafuna tivi. Ankati ndi yotchipa, ikawonongeka amisiri ali pa Chitakale pomwepa, ndipo chisakasa choikamo alongo ake akanathandiza kumanga. Koma Bizwick anali atawona pulojekita kwa Pilato, wogulitsa zamagetsi pa Chonde. Kanali kamakina kokwana m'chikwama, ka batire yakeyake, koponya zithunzi pakhoma zazikulu ngati chitseko. Mtengo wake unaposa wa tivi kutali. Iye anati tivi imadikira anthu pomwe pulojekita imawatsata, ndipo kuyenda ndi katundu kumsana ndiyo ntchito yomwe ankaidziwa. Anagula.

Chomwe sanachiganizire ndi khoma. Kwa Pilato zithunzi zinkagwera pakhoma lopaka laimu, koma kumakomboni a tiyi ndi m'midzi makoma ndi a njerwa zofiira, ena akuda ndi utsi. Anayesa chitenje cha Anesi, osewera mpira anatuluka ndi maluwa kumaso. Anasoka matumba a feteleza, zilembo za pathumba n'kumadutsa pamphumi pa anthu a mufilimu, ana n'kumaziwerenga mokweza. Anthu anayamba kumuseka kuti akanangomvera mkazi wake.

M'nyumba mwake munali sutikesi ya a Rosie, yomwe anasungitsa denga lawo litayamba kudontha. Bizwick anali atawonapo Anesi akuyanika za m'katimo, ndipo pansi penipeni panali bafuta woyera, wamtali, wopendera ndi manja. Bizwick sanali mwana. Ankadziwa kuti mayi wachikulire akasunga nsalu yoyera osaivala, osaifunda, imeneyo ndi nsanda, yodzamukulungira akamwalira. Tsiku lina Anesi ali ku tiyi anaitulutsa, akudziuza kuti angobwereka tsiku limodzi.

Zithunzi zinawoneka bwino kuposa kwa Pilato. Anthu anadzaza, kuseka kuja kunatha, ndipo tsiku limodzi lija linasanduka nyengo yonse yozizira. Nsaluyo ankaikhoma pansungwi ndi misomali. Mvula ya chiperoni inainyowetsa kangapo, misomali inasiya dzimbiri m'ngodya, mphepo inakuza zibowo. Akaipinda ankalumbira kuti n'komaliza, Loweruka likafika n'kuitambasulanso. Anesi ankayesa kuti ndi nsalu yogula, poti inkakhala m'chikwama.

Kenako a Rosie anadwala chifuwa chosamva mankhwala, ndipo anatumiza mawu kuti sutikesi ibwerere kwawo. Bizwick anabwera kusukulu nthawi ya buleki, nkhope itagwa, n'kundifotokozera zonse titaima kuseri kwa kalasi. Ndinamufunsa chomwe chikumuletsa kukapepesa.

"Aphunzitsi, apongozi anga sindinayankhulanepo nawo maso ndi maso," anatero. "Tikakumana panjira ndimapatukira m'chimanga. Lero ndiyambe kuwayankhula ndi mawu oti ndakuberani nsanda?"

Ndinamuuza kuti njira ya mkamwini yopita kwa apongozi imadutsa kwa mkazi wake, ayambire kumeneko. Anatero madzulo omwewo. Anesi sanakalipe. Anatambasula nsaluyo pamphasa, analowetsa chala m'chibowo chimodzi, n'kungoti, "Bambo a Kondi, ndikanakuuzani mukanafunsa." Anthu akuti Bizwick sanadye tsiku limenelo.

M'mawa anabweza pulojekita kwa Pilato pamtengo wozizira, n'kugula bafuta wabwino koposa yemwe anamupeza pa Chitakale. Anesi anamupendera mosamala monga ankapenderera amayi ake, anamuika pansi pa sutikesi n'kukapereka. A Rosie maso anali atafooka, koma zala zinali zamoyo. Anayendetsa dzanja pampendero, n'kufunsa kuti nsalu yawo ili kuti. Anesi analephera kunama.

Apa m'pomwe Bizwick anamva zomwe sankazidziwa. Nsalu ija a Rosie anagula ndi malemu amuna awo ku Milange, ali awiri, n'kuidula pakati. Theka lina anapita nalo bambowo kumanda. Lotsalali linkadikira mwini wake.

A Rosie anaitanitsa mkamwini wawo. Bizwick anafika dzuwa litakwera, anagwada pakhonde atafulatira chitseko, monga mwa mwambo. M'nyumba mayiwo ankayankhula ndi mwana wawo, koma mokweza kuti wakunjayo amve. Anafunsa ngati nsaluyo yayenda mpaka kumakomboni a kutsidya la mtsinje, Anesi anati inde. Anafunsa ngati anthu ankasangalala, anati inde. Anakhosomola nthawi yaitali.

"Uwauze bambo a Kondi kuti ndamva," anatero. "Yangayo uichape, undibweretsere ndi zibowo zakezo, bambo ako asakandisowe. Yatsopanoyi atenge, aziwonetsera kanema wawoyo. Akanapempha ndikanawagulira ndine."

Bizwick anawomba m'manja. Zoti makina oti awonetsere pansaluyo anali atagulitsa kale, palibe yemwe anawauza a Rosie.

Anachira pang'ono, anawona mvula yoyamba, n'kumwalira chimanga chisanamasule. Dzimbiri lija silinachoke ngakhale Anesi analichapa ndi mandimu. Amayi osambitsa maliro analiwona, ndipo m'mudzi wa eni mkamwini sabisika, komabe anawakulunga munsalu yomweyo. Bizwick anathandiza kunyamula bokosi kuchokera panyumba mpaka kumanda osalola kulandiridwa, mawondo ake omwe aja.

Masiku ano ali ndi chisakasa pa Chitakale, muli tivi yotchipa yomwe Anesi ankaifuna. Ana a sukulu akalowa nthawi ya maphunziro amawathamangitsa, ndipo ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo. Bafuta watsopano uja sanamugwiritse ntchito, ali chipindire musutikesi yomwe ija. Anyamata ena amamufunsa ngati pulojekita n'njoyenera kugula kusiyana ndi tivi, poti iye anayesa zonse. Sawakaniza. Amati kamakinako n'kabwino ndithu kwa munthu wokonda kuyenda, ndipo kwa iye sikanawonongekepo. Kenako amayang'ana pansi, n'kuwauza kuti asanapite kwa Pilato ayambe adziwa kuti zithunzizo zizikagwera pa chiyani.