Galasi Lokuliramo

Bambo Nedson a ku Kawale anagwira ukalaliki m'boma mpaka imvi zinamera, ndipo kumeneko anaphunzirako chinthu chimodzi: munthu wanzeru amakonzekera zamtsogolo, zalero zimadzionera zokha. Ana awo onse anayamba sukulu atavala yunifolomu yofika m'akakolo ndi nsapato zotsenderamo mapepala. "Akuliramo," ankatero. Wina anamaliza pulayimale asanakuliremo.

Chaka chatha mwana wawo Thokozire, amene ali ku Joni, anawatumizira foni yamakono kuti kamdzukulu kawo, Miracle, kaziwaona nkhope, poti kanabadwira komweko ndipo sikanapondepo kuno. Anawauzanso kuti aikitse galasi loteteza, foniyo ingasweke.

Mkuluyo anavala jekete napita kumsika wa Mchesi, pa benchi la Kasimu wogulitsa zamafoni. Kasimu anasolola galasi, nkuliyeza pamwamba pa foniyo. Linakwana ndendende, kabowo ka kamera kali pamalo pake.

"Lachepa ili," anatero Bambo Nedson. "Ukuganiza kuti sindidzakhala ndi foni yaikulu ine? Tandipatsa ilo."

"Madala, ilo ndi la foni ina."

"Ndikunena yomweyo."

Kasimu ndi munthu wa geni, sakangana ndi jekete. "Apa ndiye mwaona patali, bwana," anatero, uku akumata. Galasilo linatulukira m'mbali ngati denga la khonde, ndipo mkombero wake wakuda unaphimba kamera yakutsogolo.

Lamulungu masana Thokozire anaimba pa vidiyo.

"Adadi, kukungooneka mdima. Magetsi azimanso?"

"Ndi netiweki," anayankha mkuluyo, ali pabwalo, dzuwa likuwawotcha padazi.

Netiweki ija inavuta miyezi ndithu. Akazi awo, Mayi Sophie, atanena kuti vuto ndi galasi, anauzidwa kuti nkhaniyo ikuunikidwa ndipo adzadziwitsidwa nthawi yake ikakwana. Miracle anazolowera kucheza ndi mdima wolankhula. Ankautcha agogo, nkumauimbira nyimbo za kumkaka.

Chimene chinawalasa mtima mkuluyo ndi tsiku limene anamva kamwanako kakufunsa amake ngati agogo ali ndi maso. Bambo Nedson analowa kuchipinda, natseka chitseko, nkukanganula galasi lija ndi chikhadabo. Linang'aluka pakati. Potuluka analengeza kuti kafukufuku wapeza kuti magalasi a masiku ano ngachinyengo.

Kenako anamanga tayi, nakhala pampando, naimba okha. Nkhope yawo inadzaza foni ya ku Joni, mphuno ili patsogolo. Miracle anayang'ana kamodzi, nakuwa, nkuthawira kumbuyo kwa amake.

"Ameneyu ndani? Ndikufuna agogo! Ndikufuna agogo anga!"

Bambo Nedson anakonza tayi, natembenukira kwa akazi awo.

"Mwamva? Akundifuna."