Kapu ya Nimu

"Galu iwe! Ukufuna kupha mayi ako?"

Anakuwa chonchi ndi amalume, atandipeza kuseri kwa nyumba ndikutaya mankhwala a amayi m'ngalande. Anandiwomba mbama, ine n'kuwagenda pachifuwa ndi kapu yomweyo. Mtima wapachala ndinabadwa nawo, sindinauphunzire ku ukulu.

Ndinali mu Sitandade 6. Tinkakhala ku Area 9, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya bwana wina wa ku Capital Hill, kumene bambo ankasamalira maluwa ndi kapinga. Chaka chimenecho amayi anapezeka ndi khansa ya m'bere. Kuchipatala anati berelo lichotsedwe msanga, ndipo tsiku la opaleshoni anawalembera amayi m'buku lawo la kuchipatala. Amalume anakana. Ku Area 3 anali mlonda chabe, koma kwathu ndiwo anali mwini mbumba, ndipo pa nkhani ya mlongo wawo bambo analibe pakamwa. "Khansa ikaona mpeni imalusa," ankatero. Mnzawo wa kuntchito anali atawauza za mayi wina amene anachira ndi masamba a nimu. Dzina la mayiyo palibe ankalidziwa, mudzi wake osaudziwanso. Mpaka lero munthu akandiyambira nkhani ya "mayi wina amene anachira", ndimanyamuka ndisanamutukwane.

Nyengo yonse yotentha m'nyumba mwathu munkangonunkha nimu. Masamba ankawira pa mbaula m'poto wakuda, madzi ake obiriwira ngati a m'chithaphwi, kapu katatu pa tsiku. Ndinalawapo kamodzi, kuwawa kwake kunakhala pa lilime mpaka madzulo. Amayi akamwa ankasanza. Kunja nyenje zili kulira, bambo ali kuthirira kapinga wa bwana, msana atalozetsa kuno.

Masana ena nditaweruka kusukulu, amayi anandikodola. "Kataye, mwanawe. Asakuone amalume ako." Ndinataya tsiku limenelo, mawa lake chimodzimodzi, mpaka milungu iwiri. Kusanza kunachepa, phala linayamba kulowa. Iwo sankatha kuwerenga, ndiye ankandituma kuti nditsegule buku lija ndiwatchulire tsiku, iwo n'kumapinda zala. Anati tidzapita awiri kuchipatalako pa minibasi, osauza munthu.

Tsiku la mbama lija chitseko chinali chotsegula, amayi anamva zonse. Ndinadikira kuti anene kuti anandituma ndi iwo. Sananene. Anatembenukira kukhoma. Bambo anabwera, anamvetsera, n'kutola payipi yawo kubwerera ku maluwa. Palibe anandiitana kuti ndidzadye.

Ndinakakhala tsonga patsinde pa mpanda wa njerwa, tsaya likuyaka. Kutsogolo kwa nyumba yaikulu ana a bwana ankamenya mpira, koma ife kumeneko kunali koletsedwa. Ndinalibe womufunsa, ndiye ndinadzifunsa ndekha. Mwezi wathawo amayi ankafika okha ku mpopi. Tsopano ankapita ku chimbudzi atagwira khoma. Chinasintha n'chiyani? Ine ndinayamba kutaya mankhwala. Umu ndi mmene amaganizira mwana wa zaka khumi ndi ziwiri akamusiya yekha ndi mawu a munthu wamkulu.

Lero ndikudziwa kuti matenda ankangoyenda ulendo wake, kumwa kapena kutaya. Mwina tsiku lina ophunzira adzapeza kanthu m'masamba amenewa, sindikana, koma zimene zinkawira m'poto muja sizikanachiritsa munthu. Ndikudziwanso chimene amayi anakhalira chete. Akanaulula, amalume akanalanda bukulo ndipo ulendo wathu ukanathera pomwepo. Anasankha kuti ine ndimenyedwe mbama imodzi. Ankaganiza kuti ndamvetsa.

M'mawa mwake ndinadzuka bambo asanatsegule madzi. Ndinakathyola masamba ndekha, ndinakoleza mbaula, ndinadzaza kapu mpaka m'milomo. Amayi atandiona anamwetulira pang'ono, n'kuloza ndi maso cha kungalande.

"Imwani," ndinatero. "Ine sinditayanso. Kuchipatala sindikuperekezaninso."

Analandira kapuyo ndi manja awiri. Ndinaima pakhomo ngati mlonda mpaka kapu inauma. Pa tsiku lolembedwa m'buku panali patatsala masiku anayi.