Tsiku Limene Madzi Anabwerera M'ngalande

Ndikukumbukira chaka chimene tinabwerera kwathu kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Ndinali mtsikana wa zaka khumi, mlongo wanga Zeka ali ndi zinayi. Kumtunda kwa mudzi wathu kunali damu lakale la kampani ya tiyi. Kuchokera padamupo, ngalande ya simenti inkakhotakhota m'mbali mwa phiri mpaka pa chipaipi chotsetserekera m'nyumba ya makina a magetsi. Bambo ankati agogo anakumba nawo ngalandeyo pa chibalo nthawi ya Apwitikizi, koma magetsi ake ankangoyaka kufabirika ndi kwa mabwana. Agogowo anamwalira akuyatsabe koloboyi.

Tinapeza makina atasiya kugwira ntchito kalekale, chitseko chachitsulo cha padamu chitagwira dzimbiri, ngalande ili gwa. Ana tinkasewera m'menemo, simenti ikutiwotcha kumapazi, abuluzi akutithawa. Makolo sankaletsa, poti ankati pa simenti palibe amene akanakwirira bomba.

Chilimwe chimenecho azibambo anagwirizana zotsegula chitsekocho kuti madzi afike kumadimba. Anachimenya ndi nyundo sabata yathunthu, kuchithira oilo wakuda, koma osasuntha, mpaka tonse tinaleka kuwalabadira. Tsiku lina mayi popita kumsika ku Milange anandisiyira Zeka. Ndinamukhazika m'ngalande ndi kagalimoto kake kamawaya, ine ndi anzanga n'kukakwera mtengo wa mango.

Ndili m'mwamba ndinamva azibambo akukuwa mokondwa kudamu, kenako mkokomo. Madzi ofiira ankabwera akukankha masamba ndi zitsotso, akununkha matope akale. Ndinatsika osadziwa kuti ndatsika bwanji. Pamene ndinasiya Zeka panali madzi okhaokha, kagalimoto katakodwa pamuzu.

Ndinathamangira kudamu ndikulira. Bambo atamva anayesa kubweza chitseko, koma chinakana kutsika monga momwe chinkakanira kukwera. Anachisiyira anzawo n'kutsata ngalande, ine m'mbuyo. Pakamwa pa chipaipi panali pululu, poti zitsulo zotchinga anthu anali atazula n'kusulira makasu. Bambo anaima pamenepo kuyang'ana madzi akumezedwa. Kenako anatsika masitepe opita kunyumba ya makina pang'onopang'ono, ngati nkhalamba.

M'katimo munali fungo la mileme ndi phokoso logonthetsa m'khutu. Madzi ankathovoka pa paipi yong'ambika, pansi ponse pakunjenjemera. Pamwamba pa chimakina chadzimbiri panali Zeka, wouma bwinobwino, miyendo ili lendelende, akudya gwafa wosapsa. Anali atatopa kundidikira n'kutsika yekha masitepe madzi asanabwere. Anamenya chitsulocho ndi kadzanja kake.

"Ababa, chadzuka!"

Bambo anangokhala pansi m'matope momwemo. Anamukoka Zeka n'kumugwiragwira mutu, mikono, mapazi, akuseka misozi ikutsika. Ine ndinaima pakhomo kudikira mkwapulo, koma sunabwere. Anangoti, "Rozita, amako ukawauze wekha." Pobwerera ndinkaona kuti bola akanandikwapula. Mayi anamva nkhani yonse mpaka kumapeto, anamubereka Zeka kumbuyo ngati khanda, kenako anandigwira khutu lakumanzere. Mpaka lero ndimaliona ngati ndi lalitaliko.

M'mawa mwake azibambo anatchinga pakamwa pa chipaipi ndi nsungwi, n'kupatutsira madzi kumadimba. Makina aja sanagwirenso ntchito. Masiku ano denga la nyumbayo linagwa, m'kati munamera mkuyu, ndipo anthu amatchaja mafoni pa sola. Ngalande yokha ndiyo idakali moyo. Zeka amathirira nayo matimati ndi kabichi, n'kumakagulitsa kumalire panjinga. Ndikamukumbutsa za tsikulo amaseka, amati sakumbukira kalikonse. Ine ndine gogo tsopano, komabe ndikangomva kuti lero akutsegula madzi kudamu, ndimasiya chilichonse n'kuyenda m'mbali mwa ngalande mpaka kumapeto, ndikutulutsamo ana, anga ndi a eni omwe.