Mawu Amene Achimwene Ankamva

Achimwene anawatulutsa m'chipatala cha amisala nditangobereka mwana wachiwiri. Anakhalamo zaka zisanu, chifukwa tsiku lina mutu utasokonekera anabaya kondakitala wa basi ndi botolo losweka. Boma linawapereka kwa ine pamodzi ndi malamulo ake: azigona kunyumba kwanga ku Woolwich, kuno kudziko la azungu, azibayitsa jakisoni milungu iwiri iliyonse, ndipo akangoyambanso kudwala, abwerere.

Chitulukireni anakaniratu kulankhula Chingerezi, munthu woti ku Malawi anali mphunzitsi. Ndiye mayi wachizungu wowayang'anira akabwera Lachinayi, womasulira ndinali ine. Jakisoniyo ankawaumitsa khosi. Ankangokhala pafupi ndi hita yotenthetsa m'nyumba, miyendo ikunjenjemera, dovu likuchucha, ine n'kumapukuta. Ndisaname, ndinatopa nawo, ndipo ndinkawaopa. Mipeni ndinkaibisa m'chikwama cha matewera.

Lachinayi lina mayi uja anafunsa funso lake la nthawi zonse, ngati akumva anthu osaoneka akuwalankhula. Ine ndi phuma langali ndinalidula.

"Akuti, mukumamva mawu?"

Achimwene anamwetulira, koyamba chibwerereni. "Eya, chemwali. Masiku ano mawu ndikuwamva bwino."

Kwathu ku Malawi munthu akati akumva mawu, amanena a Mulungu. Ndinkadziwa. Dzulo lake ndinali nditawapeza atatsegula Baibulo. Komanso ndinali nditawaonapo akugwedezera mutu khoma. Mayi uja ankadikira, cholembera chili m'manja, mwana akulira kuchipinda. Kufunsa kuti mawu ake ati sikukanandichotsera kanthu, koma sindinafunse. Ndinatembenuka n'kunena m'Chingerezi kuti akumva anthu osaoneka. Achimwene, amene Chingerezicho ankachimva kuposa ine, anangondiyang'ana.

Anadzawatenga Lolemba, amuna awiri ndi wapolisi. Sanavute. Anangopempha jekete lawo.

Patatha mwezi ndinakwera sitima yapamtunda kukawaona. Ndinawapeza atatupa ndi mankhwala, maso ali pansi. Ndinawapatsa lalanje, iwo n'kumangolitembenuza m'manja.

"Kunonso abusa amabwera," anatero, "koma ndili ndi tulo tokhatokha. Mawu aja sindikuwamvanso, chemwali. Ukawauze madokotala. Paja iwe amakumvera."

Ndinakawauza tsiku lomwelo, ndipo ndinakhala ndikuwauza zaka zisanu ndi zinayi, mpaka pamene akuchipatala anandiimbira foni kuti ndikatenge jekete lija, mwini wake atatisiya.