Kalata Imene Ndinawerenga Mokweza

Nditalephera kupitiriza sukulu ya mishoni, ndinabwerera kwathu ku Mlolo ndi chinthu chimodzi chokha, luso lolemba. Zinali zaka za Chitaganya, amuna ambiri ali ku Halale ndi kumigodi, akazi awo akusowa wowalembera makalata. Ndinagula mapepala, maenvulopu ndi botolo la inki, n'kuika m'kabokosi, ati ndayamba ntchito. Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. "Kalaliki wopanda ofesi," iwo anatero, ndipo dzinalo linandikakamira.

Vuto linali kupeza anthu. Aphunzitsi a kutchalitchi ankalemba ulere, ndiye ndani akanataya mazira ake polipira ine? Koma aphunzitsiwo sankagwira cholembera asanalalikire, makamaka akaona munthu wa banja la gule wamkulu. Anthu otopa ndi ulalikiwo ndi amene ndinayamba kuwalondola, wapansi mpaka ku Zemba. Ndinapezanso nzeru ina, imene ndimachita nayo manyazi mpaka lero. Munthu akandipatsa kalata yoti ndimuwerengere, ndinkaima pakhonde la golosale n'kuwerenga mokweza, mosadodoma, kuti odutsa amve kuti pano pali wodziwa. Zinkathandizadi. Wina akamva, mawa lake ankabwera ndi yake.

Tsiku lina masana, nyengo yokumba mtedza, ndili pakhonde lomwelo ku Zemba, kunabwera mayi wina. Amuna awo anakhalitsa ku Halale moti anthu ankangoti ndi mtchona, koma mayiwo sankafuna kulimva liwulo. Ndinali nditawalemberapo kawiri, yankho osabwera. Tsikulo anafika akumwetulira, envulopu ili m'manja, dothi lakumunda likadali kumapazi.

"Akalaliki, ayankha! Tawerengani anthu amve, aleke kundinena."

Anthu analipo ndithu, ndipo mtima wanga unadumpha, poti uwu unali umboni woti zolemba zanga zimafika. Sindinayang'ane n'komwe dzina la pa envulopu. Linali la alongo a mayiwo, ankhoswe a banjalo. Wagolosale anangowatuma kuti akapereke, koma iwo atamva kuti yachokera ku Halale, anaiyesa yawo. Ndinang'amba, n'kukweza mawu. Malonje ndinadutsa bwinobwino. Kenako pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo: "Tikudziwitseni kuti alamu anu anatisiya mwezi watha, ndipo tinawaika konkuno. Akazi awo mukawauze bwino."

Mukawauze bwino. Mawu amenewo ndinawatchula ndi pakamwa pangapa, eni ake ali chiimire patsogolo panga.

Kwathu uthenga wa maliro sauza choncho. Umayamba wafika kwa akuluakulu, iwo n'kupita kukakhala pansi, amayi ena atamuzungulira kale woferedwayo kuti akamagwa agwere m'manja. Mayi aja anagwera pafumbi, pakati pa anthu odzagula mchere ndi palafini.

Mbiri inafika ku Mlolo ine ndisanafike. Miyezi yotsatira palibe anandiitana. Ndikadutsa ndi kabokosi kanga, amayi ankabisa makalata m'nsalu n'kuyang'ana kumbali. Atsibweni sanasekenso, ndipo kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa kuseka kuja. Ndinabwerera ku khasu.

Mvula itayandikira, mayi aja anatulukira pakhomo pathu, tsitsi litangoyamba kumera pambuyo pometa maliro. Kunena zoona ndinafuna kuthawira kuseri. Anakhala pamphasa n'kumasula kalata ija pansonga ya nsalu.

"Mundiwerengerenso. Tsiku lija ndinangomva liwu limodzi basi. Ndifuna ndidziwe ngati anadwala nthawi yaitali, ndiponso anawasambitsa ndani."

"Amayi, ine ndinakulakwirani kwambiri. Bwanji osapita kwa aphunzitsi?"

"Choipacho munanena kale, bambo. Chatsala n'chiyani choti ndikuopereni?"

Ndinawerenga motsitsa, misozi ikunditsekereza mizere. Kenako ndinawalembera yankho lothokoza anthu amene anasunga malirowo kuchilendo. Ndi mayi omwewo amene anandibwezera anthu. Ankauza anzawo kuchitsime kuti kalaliki uja tsopano waphunzira, ndipo mmodzimmodzi anayambanso kundiitana.

Ntchitoyo ndinaigwira zaka zambiri, koma pakhonde la golosale sindinaimeponso. Kalata iliyonse ndinkayamba ndaona dzina, n'kuiwerenga chamumtima mpaka pansi ndisanatsegule pakamwa. Koma anthu nawo anaphunzira kuwerenga nkhope yanga. Ndikangochedwa kudzutsa mutu, mayi wokhala patsogolo panga ankayamba kumasula mwana kumbuyo, n'kupatsira mnzake, kuopa kugwa naye.